Mabogi a Sitima Yapamtunda ndi Makalasi Ake

M'boma lonse la Nkhata Bay mulibe njanji ngakhale ya mita imodzi. Mwana wa ku Kande kapena ku Mpamba akhoza kumaliza pulayimale asanaonepo sitima yapamtunda, kupatula ya pachithunzi cha m'buku. Koma agogo a bambo ake ankaidziwa sitimayo kuposa anthu ambiri a m'maboma amene njanji inadutsamo. Ankatchula Chipoka, Dona Ana, Dondo, Umtali ndi Bulawayo mwandondomeko yake, ankadziwa posinthira sitima, ankadziwanso bogi imene munthu wakuda ankaloledwa kukwera. Atonga a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la anthu oyamba m'dziko muno kupita kutali kukafuna ntchito. Sukulu za mishoni ya Bandawe, imene inatsegulidwa mu 1881, zinawaphunzitsa kuwerenga ndi kulemba, ndipo luso limeneli linawapezetsa ukalaliki ndi ukapitawo ku Halale ndi ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi wa iwo.

Mabogi onse a sitima amakokedwa ndi injini imodzi ndipo amafika nthawi imodzi. Chimene chimasiyanitsa mitengo ya matikiti ndi malo: pokhala, potambasulira miyendo, mwinanso pogona. Mitundu ya mabogi ndi makalasi ake zinabadwa pa kagawidwe ka malo amenewa, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa kagawidweko kali ndi mbiri yowawa imene anthu a kunyanja anaiona ndi maso awo.

Kuchoka panyanja kukafika panjanji

Njanji yoyamba m'dziko muno inali ya kampani ya Shire Highlands Railway. Inachokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Chaka cha 1935 chinabweretsa zinthu ziwiri zazikulu. Mlatho wa Dona Ana, wautali makilomita pafupifupi 3.7, unadumpha Zambezi, motero sitima inayamba kuyenda kuchoka ku Blantyre mpaka ku Beira popanda kutsitsa anthu kuti awoloke mtsinje. M'chaka chomwecho njanji ya kumpoto inadutsa pa Balaka n'kukafika ku Salima, ndipo pa Chipoka inakhudza nyanja.

Doko la Chipoka ndilo linali khomo la anthu a ku Chintheche ndi Usisya lolowera panjanji. Kampani ya Nyasaland Railways ndiyo inkayendetsanso sitima za panyanja. Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira ndi panjanji, inalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951. Inalowa m'malo mwa Vipya imene inamira mu 1946 pafupi ndi Chitimba. Sitima za panyanjazi zinakhala m'manja mwa kampani ya njanji mpaka m'zaka za m'ma 1990.

N'chifukwa chake munthu wa kunyanja amene anakwerapo Ilala anaphunzira kale za makalasi. Ilala ikafika pa Usisya imaima kutali ndi gombe, imaliza wezulo, n'kutsitsa maboti ake. Anthu amalowa m'madzi mpaka m'mawondo, ena mpaka m'chiuno, matumba a usipa ndi ufa wa kondowole ali pamutu, ana akupatsirana m'manja. Akakwera m'sitimamo amagawikana. Ambiri amatsalira pansi, pamabenchi, pakati pa matumba ndi kutentha kwa injini. Ena amalowa m'chipinda cha kalasi yachiwiri chokhala ndi mipando yofewerapo. Ena amakwera pamwamba pamene pali mphepo yabwino, ndipo owerengeka okha ndi amene amapatsidwa kiyi wa chipinda chokhala ndi bedi. Panjanji kagawidwe kake n'komweko, kungoti makalasi amandondozana m'litali m'malo mosanjikizana.

Ziwalo za sitima

Sitima yapamtunda ili ndi chokoka ndi zokokedwa. Chokoka ndi injini, imene anthu amangoti mutu wa sitima. Kale mutuwo unkayendera malasha kapena nkhuni zowiritsira madzi, ndipo umodzi wa mitu yakale yotere uli pabwalo la nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Lero sitima za m'Malawi zimayendera dizilo. Zokokedwa ndi mabogi: ena a anthu, ena a katundu.

Amisiri a njanji akamati bogi amanena kangolo kachitsulo ka mawilo anayi kamene kali kunsi. Bogi ya anthu imakhala pa tingolo tiwiri totere, kena kutsogolo, kena kumbuyo, ndipo kalikonse kamatha kutembenuka pakokha. Popanda zimenezi, chinthu chachitali mamita 20 sichikanatha kukhota pa makona a m'zitunda za ku Thyolo. Pa tingolo tomweti ndi pamene pali masipuling'i, ndipo ubwino wa masipuling'iwo ndi umene umachititsa kuti wina amwe tiyi bwinobwino pamene wina akugundana mutu ndi mnzake.

Dalaivala wa sitima alibe chiwongolero. Mawilo ndi achitsulo, awiriawiri omangidwa pa mtanda umodzi, ndipo lililonse lili ndi mlomo kumbali yamkati umene umaliletsa kuchoka panjanji. Pamphambano, monga pa Nkaya pamene njanji ya ku Nayuchi imapatukira, pamakhala njanji zosuntha zimene zimalozera sitima kolowera. Njanjizo zimagona pa mitanda ya konkire, yachitsulo kapena yamatabwa, ndipo mitandayo imakhala pa miyala yoswa imene imalola madzi a mvula kudutsa.

Mpata wa pakati pa njanji ziwiri ndi umene umanena kumene bogi ingafike. M'Malawi mpatawu ndi mamilimita 1,067, chimodzimodzi ndi ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi South Africa, motero bogi ya ku Limbe ikhoza kukafika ku Johannesburg osasintha mawilo. Ku Ulaya ndi ku America njanji zambiri n'za mamilimita 1,435. Ku Tanzania kuli mipata itatu: njanji yakale ya Ajeremani ya mita imodzi, ya TAZARA ya 1,067, ndi yatsopano yamagetsi ya 1,435 imene inayamba kunyamula anthu pakati pa Dar es Salaam ndi Dodoma mu 2024. Bogi ya pa imodzi mwa njanji zimenezi singayende pa inzake.

Mabogi amakolana ndi zitsulo zooneka ngati zibakera ziwiri zogwirana. Pambali pa zitsulozo pamadutsa paipi ya mabuleki, kuchoka ku mutu mpaka ku bogi yomaliza. Nzeru yake ili apa: paipiyo ikaduka, mabuleki a mabogi onse amagwira okha. George Westinghouse wa ku America anapanga mabuleki oyendera mpweya mu 1869, koma makampani ena ankazengereza kuika mabuleki odzigwira okha poopa kuwononga ndalama. Mu 1889 ku Armagh, ku Ireland, mabogi a sitima imene inanyamula ana a Sande sukulu anabwerera chambuyo pachitunda n'kuwombana ndi sitima ina. Anthu 80 anafa, ndipo chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Britain inalamula kuti sitima iliyonse ya anthu ikhale ndi mabuleki otere.

Mitundu ya mabogi a anthu

Bogi yofala kwambiri ndi ya mipando. Mkati mwake ndi chipinda chimodzi chachitali, kanjira pakati, mipando uku ndi uku, mashelefu a katundu pamwamba pa mazenera, chimbudzi kumapeto. Ndiyo imanyamula anthu ambiri, ndipo ndiyo yosavuta kupanga ndi kusesa.

Ina ndi ya zipinda. Kanjira kamakhala kumbali imodzi motsatira mazenera, ndipo kumbali inayo kuli tizipinda ta zitseko zokankhira pambali, mipando yoyang'anizana. Ku England mabogi oyamba a zipinda analibe kanjira. Chipinda chilichonse chinali ndi chitseko chake chotulukira panja, ndipo sitima ikanyamuka munthu sakanatha kupita kuchimbudzi kapena kuthawa mnzake woopsa mpaka pa siteshoni yotsatira. Kanjira ndi timilatho totchingidwa tolumikiza mabogi zinabwera pambuyo pake kudzathetsa vuto limeneli.

Bogi yogona ndi ya zipinda yomweyo, koma usiku mipando imasanduka mabedi ndipo mabedi ena amatsitsidwa kukhoma. Amene anatchukitsa mabogi otere ndi George Pullman ku America m'zaka za m'ma 1860, ndipo mu 1868 anawonjeza bogi yodyera, yokhala ndi khitchini ndi matebulo. Ku Ulaya ntchito yomweyi anaigwira Georges Nagelmackers wa ku Belgium, amene kampani yake inayambitsa sitima ya Orient Express mu 1883.

Palinso mabogi amene wokwera sawalabadira. Ina ndi ya gadi, imene kawirikawiri imakhala kumapeto. Gadi ndiye mwini ulendo: ndiye amapereka chizindikiro choti sitima inyamuke, amasunga nthawi, ndipo m'chipinda mwake muli buleki yamanja. Mbali ina ya bogi yake imanyamula mitokoma, njinga ndi makalata. Sitima zina zamakono zimakhalanso ndi bogi ya jenereta yopereka magetsi a nyale, mafani ndi makina oziziritsa mpweya. Kumene anthu ndi ochepa, makampani amagwiritsa ntchito bogi yodziyendetsa yokha, yokhala ndi injini yakeyake, kapena amaphatikiza mabogi a anthu ndi a katundu m'sitima imodzi. Sitima yosakaniza yotere imachedwa, chifukwa pa masiteshoni ena mutu umayamba wachoka kukasiya kapena kukatenga mabogi a katundu, anthu akudikira.

Kumene makalasi anachokera

Pamene sitima za anthu zinayamba kuyenda pakati pa Liverpool ndi Manchester mu 1830, makampani anatengera zimene zinkachitika pa ngolo za mahatchi, pamene wolemera ankakhala mkati ndipo wosauka ankakhala padenga. Kalasi yoyamba inali ndi mipando ya khushoni ndi mazenera agalasi. Yachiwiri inali ndi mabenchi amatabwa. Yachitatu, itayamba, inali ngolo yopanda denga, nthawi zina yopanda pokhala, anthu ataimirira pamvula ndi pautsi.

Boma ndilo linalowererapo. Lamulo la 1844, limene anatsogolera William Gladstone, linakakamiza makampani kuyendetsa sitima imodzi tsiku lililonse mbali zonse ziwiri, yoima pa siteshoni iliyonse, yokhala ndi mipando ndi denga, yothamanga mamailosi osachepera 12 pa ola, pa mtengo wosapitirira peni imodzi pa mailosi. Makampani ena anatsatira lamuloli monyinyirika, n'kumayendetsa sitimazo m'bandakucha kapena usiku. Koma m'kupita kwa nthawi zinaoneka kuti ndalama zambiri zikuchokera kwa anthu wamba omwewo, chifukwa cha kuchuluka kwawo. Mu 1875 kampani ya Midland Railway inathetsa kalasi yachiwiri ndipo inayamba kuika makhushoni m'kalasi yachitatu. Mu 1956 njanji za Britain ndi za mayiko ambiri a ku Ulaya zinangotsala ndi makalasi awiri.

Masamu ake ndi osavuta. Chipinda chimodzi chikhoza kugoneka anthu awiri, anayi kapena asanu ndi mmodzi. Bogi yogona imatenga anthu makumi atatu kapena anayi, pamene ya mipando ya msinkhu womwewo imatenga kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Mutu wa sitima umakoka kulemera kofanana, choncho amene watenga malo a anthu awiri kapena atatu amalipira zambiri.

Pamene kalasi inkayendera khungu

Kum'mwera kwa Africa masamu amenewa anawapotoza. Pa 7 June 1893 loya wachinyamata wa ku India, Mohandas Gandhi, anatsitsidwa m'sitima pa siteshoni ya Pietermaritzburg ali ndi tikiti yeniyeni ya kalasi yoyamba m'manja. Ndalama anali nazo, koma khungu lake silinali loyenera bogi imeneyo. Ku South Africa tsankho lotere linafika mpaka pa mabenchi, pogulira matikiti ndi pazipata za masiteshoni, ndipo lamulo la 1953 limene linalilimbitsa linathetsedwa mu 1990.

Kampani ya Rhodesia Railways inali ndi makalasi anayi. Yoyamba ndi yachiwiri, zokhala ndi mabedi ndi operekera zakudya, zinali makamaka za azungu. Anthu akuda ambiri ankakwera yachinayi, ya mabenchi amatabwa, ndipo mabogi odzaza thothotho amenewa ankadziwika ndi dzina loti mbombela. Mnyamata wa ku Chintheche amene anali ndi ndalama ya tikiti ankakwera sitima yapamadzi mpaka ku Chipoka, yapamtunda kudutsa Balaka, Limbe ndi Chiromo, kuwoloka pa Dona Ana, kusintha pa Dondo, kenako kukwera mapiri kulowera ku Umtali ndi Salisbury. Ulendo wonsewo anali pa thabwa, kamba wake wa chinangwa ndi nsomba zouma ali pamiyendo, sutikesi atatsamira poopa akuba. Ambiri amene analibe ndalamayo ankangoyenda wapansi kwa masabata angapo.

Olembedwa ntchito ya kumigodi ya ku Joni ndi bungwe la Wenela anali ndi njira yawo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ankawanyamula pa ndege mpaka ku Francistown, kenako pa sitima mpaka ku Johannesburg. Njira imeneyi inaduka mu April 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda anaimitsa kalembera wa Wenela. Za mmene sitima za kumigodi zinalili, wolemba mbiri Charles van Onselen anafotokoza m'buku lake la 2019 lotchedwa The Night Trains, lonena za sitima za pakati pa Ressano Garcia ndi Johannesburg. Zinkayenda usiku, anthu atapanikizidwa m'mabogi otseka, ndipo pobwerera zinkanyamulanso amene migodi inawapundula ndi kuwadwalitsa chifuwa.

Antchito akuda a panjanji nawonso sanangokhala chete. Mu October 1945 ananyanyala ntchito ku Bulawayo, ndipo sitiraka inafalikira motsatira njanji mpaka kumpoto kwa Zambezi.

Makalasi a masiku ano

Lero kalasi imayendera thumba. Wamalonda wa ku Nkhata Bay wopita ku Dar es Salaam akadutsa Mzuzu, Karonga ndi Songwe, amaipeza njanji ya TAZARA pa Mbeya. Njanjiyi ndi yaitali makilomita 1,860, kuchoka ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi, ndipo inamalizidwa mu 1975 ndi thandizo la China. M'kalasi yoyamba chipinda chimagona anthu anayi, m'kalasi yachiwiri asanu ndi mmodzi, mabedi atatu kukhoma lililonse. Wogona pabedi lapamwamba amakwera pa kamakwerero ndipo denga limakhala pafupi ndi mphuno. Amuna ndi akazi amagona zipinda zosiyana, pokhapokha banja litalipira chipinda chonse. Kalasi yachitatu ndi ya mipando, ndipo munthu amagona chokhala. Pakati pa sitima pamakhala bogi yodyera.

Kutsidya kwa nyanja, ku Niassa, njanji inafika ku Lichinga mu 1969, inawonongeka m'nthawi ya nkhondo, n'kutsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa. Imakumana pa Cuamba ndi njanji ya Nacala, yomwe imalowa m'Malawi pa Nayuchi kuyambira 1970. Ku South Africa kuli nsonga zonse ziwiri: Blue Train, imene zipinda zake zili ndi bafa lakelake, ndi sitima za Metrorail zonyamula antchito a m'malokeshoni, m'mene Amalawi ambiri okhala ku Joni ndi ku Cape Town anaphunzirira kuima chopanikizana m'mamawa.

Kuno kwathu njanji inafika ku Lilongwe mu 1979, ku Mchinji mu 1980, ndipo inalumikizidwa ndi Chipata mu 2010. Mu 1999 inaperekedwa m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Ndalama zenizeni za njanjiyi zili m'katundu, makamaka malasha a ku Moatize amene amadutsa pa Nkaya ndi Liwonde kupita ku Nacala m'sitima za mabogi oposa 100. Sitima ya anthu yatsalira pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, ndipo siiyenda tsiku lililonse. Komabe kwa anthu a m'midzi ya kutali ndi msewu wa tala, sitimayi ndiyo basi yawo, lole yawo ndi msika wawo. Ikaima pa siteshoni yaing'ono, amayi amathamangira m'mbali mwa mabogi ndi madengu a nthochi, mandasi ndi chimanga chootcha, ndalama n'kumadutsira pazenera, pamene pakhomo la bogi anthu akukankhira mkati matumba a chimanga, tomato ndi nkhuku.

Zoti njanji idzafike m'mbali mwa nyanja ya kumpoto zakhala zikukambidwa, makamaka pa ndondomeko ya Mtwara, imene ikufuna njanji yochoka ku doko la Mtwara kukafika ku Mbamba Bay, moyang'anizana ndi Nkhata Bay. Ndondomeko zoterezi zimawerengera matani a malasha ndi miyala yamtengo wapatali, ndipo bogi ya anthu imabwera pamapeto penipeni pa masamu. Mbiri ikusonyeza kuti denga ndi mpando wa kalasi yachitatu ku England zinabwera ndi lamulo la 1844, mabuleki odzigwira okha anabwera ndi lamulo la 1889, ndipo tsankho la m'mabogi a kum'mwera kwa Africa linatha anthu atalimbana nalo. Choncho wofuna kudziwa ngati njanji ikutumikira anthu a dziko lake asayambe ndi bogi yoziziritsa mpweya. Alowe m'bogi yotsika mtengo kwambiri, aone ngati muli pokhala, nyale, madzi m'chimbudzi ndi malo a katundu, afunsenso kuti sitimayo imabwera kangati pa sabata. Zimenezi ndi zimene boma liyenera kulemba m'pangano lake ndi kampani iliyonse imene likuipatsa njanji.